Demian Maia, ngwazi ya jiu-jitsu m'khola la UFC: mafunso ndi mayankho

Ambiri amene ayamba kuonera UFC, mpikisano waukulu wa ku America wa ndewu za m'khola la waya, posachedwapa amadziwa omenya zibakera ndi mateche, aja ndewu zawo zimatha wina atagwa chikomokere. Dzina la Demian Maia amangolimva pakamwa pa owulutsa, makamaka womenya wina akakwera kumsana kwa mnzake. Tsamba lino likuyankha mafunso okhudza mkulu wa ku Brazil ameneyu, amene anakhala mu UFC zaka pafupifupi 14 akupambana ndi njira imodzi. Njirayo aliyense ankaidziwa, koma oitseka anali owerengeka.

Kodi Demian Maia ndani?

Anabadwa pa 6 Novembala 1977 mumzinda wa São Paulo. Ali mwana anaphunzira judo, atakulako anayesa kung fu ndi karate, ndipo jiu-jitsu anaiyamba ali ndi zaka 19. Lamba wakuda anamulandira kwa mphunzitsi Fabio Gurgel zaka zisanu zisanakwane, pamene ambiri zimawatengera zaka khumi. Kuyunivesite anaphunzira utolankhani.

Mu MMA, ndewu zosakaniza nkhonya, mateche ndi kulimbana, anamenya ndewu 39, n'kupambana 28 ndi kugonja 11. Mwa zimenezi 33 zinali za UFC, komwe anapambana 22, theka lake mwa kugonjetsa mnzake ndi kumukanyanga kapena kumupotokola mpaka avomereze yekha. Kawiri anamenyera lamba wa ungwazi wa UFC, m'magulu awiri osiyana a kulemera, ndipo ulendo uliwonse anabwerako chimanjamanja.

Jiu-jitsu ya ku Brazil ndi chiyani? Ndi karate yomweyi?

Ayi. M'masewerawa mulibe chibakera, mulibe theche. Ndi kulimbana kwa pansi: umamugwetsa mnzako, umadutsa miyendo yake, umapeza malo oti iwe ukhoza kumuchita kanthu iye osakuchita kanthu, kenako umamukanyanga pakhosi kapena kumupinda mkono kapena mwendo molowera kumene supindikira. Iye akaona kuti zafika, amagogoda ndi dzanja pathupi pako kapena pansi, ndewu n'kuthera pomwepo.

Gwero lake ndi judo. Mitsuyo Maeda, katswiri wa ku Japan, anafika ku Brazil mu 1914 ndipo ku Belém anaphunzitsa Carlos Gracie. Banja la Gracie, makamaka Carlos ndi mng'ono wake Hélio, linakulitsa mbali ya pansi ya luso limeneli. Dziko linadzidzimuka nalo pa 12 Novembala 1993 ku Denver, pa mpikisano woyamba wa UFC, pamene Royce Gracie, munthu woonda poyerekeza ndi anzake, anagonjetsa amuna atatu usiku umodzi.

Malamba a akuluakulu amayenda motere: woyera, wabuluu, wapepo, wabulauni, wakuda.

Asanalowe m'khola anali atapambana chiyani?

Chachikulu ndi ADCC, mpikisano wa olimbana opanda jekete umene umachitika kamodzi pa zaka ziwiri ndipo umasonkhanitsa akatswiri a jiu-jitsu, judo, sambo ndi wrestling. Mu 2005 Maia anafika ndime yomaliza n'kugonja kwa Ronaldo "Jacaré" Souza. Mu 2007, ku Trenton m'chigawo cha New Jersey, anabwerera n'kutenga golide pa gulu la makilogalamu 88, atagonjetsa Flavio Almeida ndi kupinda mkono. Analinso atapambana mpikisano wa Pan American mu 2006 ndi Copa do Mundo.

MMA anali ataiyesako kale. Ndewu yake yoyamba inali ku Venezuela mu 2001, ndipo mu 2006 ku Brazil anapambana ndewu zitatu usiku umodzi. Pamene UFC inkamutenga anali atamenya zisanu ndi imodzi osagonjapo.

Ngati munthu ndi ngwazi ya dziko lonse pa jiu-jitsu, bwanji sangopambana mosavuta mu MMA?

Funso limeneli ndi limene limathandiza kumvetsa kukula kwa ntchito ya Maia, choncho tikhalepo pang'ono.

Choyamba, ndewu ya MMA imayamba anthu ataimirira, ndipo ndime iliyonse ya mphindi zisanu ikatha amawaimiritsanso. Wa jiu-jitsu kuti luso lake ligwire ntchito ayenera kudutsa mvula ya zibakera, mawondo ndi mateche, kumugwira mnzakeyo, n'kumugwetsa. Pa mpikisano wa jiu-jitsu ambiri saphunzira bwino kugwetsa, chifukwa malamulo amalola kungokhala pansi n'kumukokera mnzako pakati pa miyendo yako. Ukachita zimenezo m'khola, wapamwambayo amakuthira zigongono kumaso, ndipo oweruza amamupatsa iyeyo mapointi.

Chachiwiri ndi jekete. Njira zambiri za jiu-jitsu zimadalira kugwira kolala ndi manja a chovala cholimba chija. M'khola munthu ali chifuwa pamtunda, ndipo ikafika ndime yachiwiri thukuta lamusandutsa woterera. Magolovesi nawonso, ngakhale ndi ang'onoang'ono, amasokoneza: dzanja limavuta kulilowetsa pansi pa chibwano, ndipo wodziteteza amapeza pogwira. Palinso mpanda wa waya, umene munthu wogwetsedwa amatsamira n'kudzukira. Ndiye pali mpweya. Kulimbana ukumenyedwa kumatopetsa mosiyana kwambiri ndi kulimbana pamphasa.

Mayina aakulu anapunthwapo apa. Roger Gracie, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse kakhumi, anamenya ndewu imodzi yokha mu UFC, mu 2013, n'kugonja kwa Tim Kennedy. Marcelo Garcia, amene ambiri amamuyesa wopambana onse pa kulimbana kopanda jekete, anamenya MMA kamodzi mu 2007, ndewu n'kuimitsidwa chifukwa cha bala kumaso. Rodolfo Vieira, ngwazi ina ya ADCC, mu 2021 anatopa mpaka kukanyangidwa ndi Anthony Hernandez, munthu amene pamphasa sakanafika pafupi naye.

Nanga iye anayamba bwanji mu UFC?

Anayamba ndi moto. Pa 20 Okutobala 2007, pa UFC 77, anakanyanga Ryan Jensen m'ndime yoyamba. Anatsatira Ed Herman, Jason MacDonald, Nate Quarry ndi Chael Sonnen, onse kugonja asanamve belu lomaliza, ndipo pa ndewu zisanuzo kanayi analandira bonasi ya kugonjetsa kwabwino koposa usikuwo.

Ya Sonnen, ku London mu Febuluwale 2009, ndi yofunika kuitchula payokha. Sonnen anali katswiri wa wrestling, munthu wozolowera kugwetsa anzake. Maia anamugwira pampanda, n'kumuponya mozondotsa, n'kutera pamwamba pake, n'kumutsekera khosi ndi mkono umodzi pakati pa miyendo. Zonse zinatha ndime yoyamba isanathe.

Ndiye chinamuimitsa n'chiyani?

Chibakera chimodzi. Mu Ogasiti 2009, pa UFC 102, anakumana ndi Nate Marquardt. Maia ananyamula mwendo kuti aponye theche, Marquardt n'kumulandira ndi dzanja lamanja, ndipo ndewu inatha pa masekondi 21.

Kugwa kumeneko kunamusintha, ndipo ine ndimaona kuti kwa zaka pafupifupi zitatu kunamusocheretsa. Anayamba kuthera nthawi yambiri akuphunzira nkhonya, ndipo ndewu zake zinasanduka za kuimirira. Kuyambira 2010 mpaka kumayambiriro kwa 2012 sanagonjetse munthu aliyense pansi. Anapambana Dan Miller, Mario Miranda, Kendall Grove ndi Jorge Santiago pa mapointi, n'kugonja kwa Anderson Silva, Mark Muñoz ndi Chris Weidman. Nkhonya zake sizinali zoipa, koma zinali za munthu wamba pakati pa akatswiri, pamene pansi analibe wofanana naye.

Chinachitika n'chiyani pa ndewu yake ndi Anderson Silva?

Inali pa 10 Epulo 2010 ku Abu Dhabi, pa UFC 112, m'bwalo lapanja. Amene ankayenera kumenyana ndi Silva anali Vitor Belfort, koma anavulala, mwayi n'kugwera Maia. Silva panthawiyo anali mfumu ya gulu la makilogalamu 84 ndipo palibe ankamukhudza.

Ndime ziwiri zoyambirira Silva anamumenya momwe anafunira, akuvinavina ndi kumunyoza pakati pa ndewu. Maia anathyoka mphuno, diso limodzi n'kutupa mpaka kutsekeka. Kenako Silva anangosiya kumenya n'kuyamba kuzungulira khola, mpaka woyimbira anamuchenjeza m'ndime yachisanu. Maia, wamagazi, woona ndi diso limodzi, ndi amene ankapita patsogolo, nthawi ina akuponya zibakera atagwada. Anthu amene anabwera kudzachemerera Silva anatembenuka n'kumafuula dzina la Maia. Silva anapambana pa mapointi, koma Dana White, mkulu wa UFC, anakwiya kwambiri moti sanamuveke lamba yekha monga mwa mwambo. Anangomupatsira manijala wake n'kuchoka.

Chifukwa chiyani anatsika kupita ku gulu la opepuka?

Pa makilogalamu 84 ankakumana ndi amuna aakulu thupi kuposa iye, ovuta kuwanyamula ndi kuwatsendereza. Atagonja kwa Weidman mu Januwale 2012 anatsikira ku welterweight, makilogalamu 77, ndipo pamodzi ndi kutsikako anabwerera ku luso lake. Dong Hyun Kim anavulala atagwetsedwa pa masekondi 47. Rick Story anagonja ku Rio de Janeiro m'ndime yoyamba. Jon Fitch, amene kwa zaka zambiri ankatsendereza anzake pansi mpaka belu, anapezeka ali iye wotsenderezedwa kwa mphindi 15.

Anapunthwa kawiri, kwa Jake Shields mu 2013 ndi Rory MacDonald mu 2014, kenako anapambana zisanu ndi ziwiri motsatizana: Alexander Yakovlev, Ryan LaFlare, Neil Magny, Gunnar Nelson, Matt Brown, Carlos Condit ndi Jorge Masvidal. Anachita zimenezi ali pakati pa zaka 36 ndi 39.

Njira yakeyo inali yotani kwenikweni?

Maia amaima chamanzere, mwendo wamanja patsogolo. Ankaponya chibakera chimodzi kapena ziwiri, osati kuti apweteke koma kuti mnzakeyo akweze manja, n'kugwera mwendo umodzi. Akaugwira ankamukankhira munthuyo kumpanda. Kugwetsa koyamba kukakanika sankasiya n'kubwerera m'mbuyo ngati ambiri; ankasinthira ku mwendo winawo, kapena kuzungulira kumbuyo, kapena kupinga ndale. Zikakanikabe ankachita chinthu chimene ena ankachiopa: ankadzigwetsa yekha n'kulowa pansi pa mnzakeyo atakola mwendo umodzi pakati pa miyendo yake, n'kudzukira pomwepo mwendowo uli m'manja. Malo amene kwa ena ndi angozi, kwa iye anali njira ina yogwetsera.

Munthu akagwa, Maia sankathamangira kumenya. Ankayamba wamanga miyendo ya wogwayo kuti asadzuke, chifuwa chili chotsendereza, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka atakhala pamimba. Pamenepo ankaponya tizibakera tokwiyitsa, ndipo munthu aliyense womenyedwa ali chagada amafuna kutembenuka. Kutembenukako ndi kumene Maia ankadikira. Ankamatirira kumsana, miyendo atazenga m'chiuno, ngati mwana woberekedwa amene safuna n'chitenje chomwe. Ukaimirira amaimirira nawe, ukadzigwetsa amagwa nawe. Kenako nkhondo ya manja imayamba: iwe kugwira dzanja lake, iye kulimasula, mpaka mkono utalowa pansi pa chibwano. Kukanyanga kochokera kumbuyoku owulutsa amakutcha rear-naked choke.

Palibe chobisika apa. Mphunzitsi aliyense ankaonera mavidiyo n'kukonzekeretsa womenya wake miyezi iwiri kapena itatu, koma zinkachitikabe. Carlos Condit, womenya woopsa amene anagwirapo lamba wogwirizira wa UFC, anagogoda pa mphindi imodzi ndi masekondi 52 ku Vancouver mu Ogasiti 2016. Pa ndewu zinayi, ya Magny, Nelson, Brown ndi Condit, owerengera anapeza kuti Maia anamenyedwa zibakera zolemera 13 zokha. Pali omenya amene amalandira zochuluka chotero m'mphindi imodzi.

N'zoona kuti sankafuna kupweteka omenyana nawo?

Ananena kambirimbiri pofunsidwa ndi atolankhani kuti chigonjetso chabwino kwa iye ndi chimene mnzake wagonja osavulala, ndipo mamenyedwe ake ankagwirizana ndi mawuwo. Ali pamwamba pa munthu, pamalo oti akhoza kumung'amba nkhope ndi zigongono, nthawi zambiri ankasankha kufunafuna khosi. Sankatukwana asanamenyane, sankanyoza atapambana. Neil Magny atagonja kwa iye mu Ogasiti 2015, patangopita nthawi yochepa anakakhala nawo pa maphunziro amene Maia ankachititsa, kuti amve kwa mwini wake pamene analakwitsa.

Tisakokomeze. MMA ndi ndewu, ndipo amene anakhala pansi pake anamva kuwawa. Rick Story anafinyidwa nsagwada mpaka magazi kutuluka m'mphuno. Gunnar Nelson anamenyedwa zibakera zambirimbiri kwa ndime zitatu. Koma m'masewera amene munthu amatchuka msanga ndi chipongwe, khalidwe la Maia ndimalilemekeza kwambiri.

Kukanyangidwa pakhosi si koopsa kuposa chibakera?

Kukanyanga kochita bwino kumafinya mitsempha ya m'mbali mwa khosi imene imapereka magazi ku ubongo. Munthu akapanda kugogoda amakomoka m'masekondi ochepa, ndipo woyimbira amaimitsa nthawi yomweyo. Akamasulidwa msanga amatsitsimuka. Kuopsa kumabwera munthu akapanda kumasulidwa, ndipo n'chifukwa chake zimenezi si zoyeserera pa mnzanu kunyumba kapena kusukulu. Zimaphunziridwa pamaso pa mphunzitsi, ndipo lamulo loyamba ndi lakuti mnzako akagogoda umasiya.

Ndiye bwanji sanatenge lamba?

Anakumana ndi anthu amene sakanatha kuwagwetsa. Njira yake yonse inkadalira khomo limodzi, ndipo amene anali ndi mphamvu zolitseka anali akatswiri a wrestling ochokera m'mayunivesite a ku America.

Pa 29 Julayi 2017, ku Anaheim pa UFC 214, anamenyera lamba ndi Tyron Woodley, ali ndi zaka 39 ndipo atapatsidwa milungu yochepa yokonzekera. Anayesa kugwetsa maulendo 21 ndipo onse analephera. Woodley anamutupitsa diso koyambirira, kenako anangotsamira mpanda n'kumakankha, kwa mphindi 25. Anthu anakuwiza, koma Woodley anachita chimene chinafunika.

Miyezi itatu pambuyo pake Colby Covington anamugonjetsa kwawo ku São Paulo. Mu Meyi 2018, ku Santiago m'dziko la Chile, anavomera mochedwa kulowa m'malo mwa Santiago Ponzinibbio n'kumenyana ndi Kamaru Usman, wobadwira ku Nigeria. M'ndime yoyamba Maia anali atamangirira Usman pampanda, akuyandikira kumsana, woyimbira n'kuwalekanitsa. Okonda jiu-jitsu mpaka lero amadandaula nazo, ndipo ine ndili nawo, chifukwa kwa Maia malo amenewo anali theka la ntchito. Komabe ndime zinayi zotsalazo Usman anazilamulira mosakayikitsa, ndipo chaka chisanathe analanda lamba kwa Woodley.

Zaka nazonso zinali zitapita. Maia akalephera kugwetsa m'ndime ziwiri zoyambirira, mphamvu zinkamuthera.

Ena amati ndewu zake zinali zogonetsa tulo. Akunama?

Zina zinalidi zozizira, monga ya Woodley ndi ndime zomaliza za ya LaFlare. Koma kawirikawiri vuto limakhala loti woonera sadziwa poyang'ana. Musayang'ane nkhope, yang'anani bondo la Maia pamene likulowa, dzanja limene akulikanikiza, mpata umene wapansiyo akuutaya. Mukatero muona munthu akulandidwa njira zothawira imodzi ndi imodzi.

Poyerekeza ndi akatswiri ena a jiu-jitsu amene analowa MMA, ali pati?

Pali amene anafika patali kuposa iye pa malamba. B.J. Penn, woyamba wosakhala wa ku Brazil kupambana mpikisano wa dziko lonse pa lamba wakuda mu 2000, anatenga malamba awiri a UFC. Fabricio Werdum anagonjetsa Fedor Emelianenko mu 2010 pa masekondi 69, ndipo mu 2015 anakanyanga Cain Velasquez ku Mexico City n'kukhala mfumu ya olemera kwambiri. Jacaré anagwira lamba wa Strikeforce, bungwe lina la MMA. Charles Oliveira ndi amene wagonjetsa anthu ambiri pansi m'mbiri ya UFC.

Koma onsewa analinso ndi manja oopsa, moti omenyana nawo ankaopa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Maia sankaopedwa ataimirira. Anafika pamwamba pa magulu awiri ndi chida chimodzi, m'nthawi imene womenya aliyense anali ataphunzira kale kudziteteza pansi. Pa funso la amene anasinthira bwino jiu-jitsu yeniyeni kuti igwire ntchito m'khola, ine ndimamuika patsogolo pa onse.

Anamaliza bwanji?

Atagonja katatu motsatizana ambiri ankati watha. Mu 2019 anapambana katatu. Lyman Good anamukanyanga ataimirira ku Fortaleza, Anthony Rocco Martin anamupambana pa mapointi, ndipo pa 26 Okutobala ku Singapore anakumana ndi Ben Askren, amene anaimira America pa wrestling ku Olympics ya 2008 ndipo anagwirapo malamba a Bellator ndi ONE, mabungwe ena a MMA. Askren ndi amene ankagwetsa, koma m'ndime yachitatu Maia anamutembenuza ali pansi, n'kukwera kumsana, n'kumukomola. Maia anali atatsala masiku ochepa kukwanitsa zaka 42.

Mu Malichi 2020, ku Brasília, m'bwalo lopanda oonera chifukwa cha Covid-19, Gilbert Burns, nayenso ngwazi ya dziko lonse ya jiu-jitsu, anamugwetsa ndi chibakera chamanzere m'ndime yoyamba. Ndewu yake yomaliza mu UFC inali pa 12 Juni 2021, pamene anagonja pa mapointi kwa Belal Muhammad, amene anadzatenga lamba mu 2024. Kuchokera pamenepo anabwerera ku mipikisano ya kulimbana kopanda zibakera, ndipo amaphunzitsa jiu-jitsu ku São Paulo.

Ndikufuna kumuonera. Ndiyambire ndewu iti?

Yambani ndi ya Condit, chifukwa ndi yaifupi ndipo njira yonse ikuoneka kuyambira kugwira mwendo mpaka kugogoda. Kenako ya Sonnen. Mukazolowera, khalani pansi muonere ya Gunnar Nelson ya mu Disembala 2015 yonse yathunthu: Nelson ndi wa lamba wakuda wodziwika, ndipo muona kusiyana kwa katswiri ndi katswiri wa akatswiri. Ya Masvidal ikuonetsani mbali zonse ziwiri, Maia akulamulira pansi, Masvidal akumulanga akangoimirira, oweruza n'kugawanika. Ya Woodley isiyeni komaliza, ndipo poonera muziyang'ana chiuno ndi manja a Woodley nthawi iliyonse Maia akagwera mwendo.